Maluwa Osafuna Munthu

Lolemba, 2 Seputembala 2024

Kutentha kwayamba msanga chaka chino. Kombi, minibasi ya ku Waterfalls, yodzaza, ndafika pantchito malaya atamata kumsana. Chitsime chatsikanso. Pampu ikungokoka mpweya, kapinga wa kugeti wapsa.

Mai Desmond, abwana anga, andiitanira pakhonde. Mpaka kundipatsa mpando! Zaka makumi awiri ndikuwasamalira dimba, mpando umenewo ndimangoupukuta fumbi. Akuti, pondilemekeza ngati agogo m'Chishona: "Sekuru Bakari, maluwa mumawadziwa ndinu. Mundisankhire a m'miphika, okongola koma osavuta, osafuna kuthirira tsiku ndi tsiku." Ndisaname, ndamva kukoma. Ndabwerera kwathu ku Epworth chifuwa chili patsogolo ngati tambala. Ndauza mkazi wanga Zulekha. Wangondiyang'ana n'kupitiriza kusankha nyemba.

Lachinayi, 5 Seputembala

Masiku atatu ndikulemba maina kuseri kwa katoni. Jeraniyamu: uthyole nthambi, uzike, basi yagwira. Potulaka: dzuwa ndiye chakudya chake. Boganivila: ukaimana madzi m'pamene imachita maluwa ambiri, yamwano. Gavakava, amene ena amati alovera. Ndi vinka, amene anzathu Achishona amamutcha chirindamatongo chifukwa amatsala yekha pabwinja eni ake atasamuka. Miphika ikhale yoboola pansi, timiyala, kenako mchenga wosakaniza ndi manyowa. Ndinakonza zonse bwinobwino, chitsiru ine.

Masana lole yatsitsa njerwa za simenti, mulu wofika m'khosi. Ndafunsa Ratidzo, mtsikana wa m'nyumba. Wayamba wayang'ana kukhitchini. Akuti: "Sekuru, simunamve? Bwalo lonse aika njerwa. Mwana wawo uja, Mukoma Desmond, anaimba foni kuchokera kunja, akuti maluwa a m'miphika ndizithirira ine Lamulungu lokha."

Ndamvetsa. Andituma kukasankha maluwa oti alowe m'malo mwanga.

Lachisanu, 6 Seputembala

Ku mzikiti ndinakhala pafupi ndi Abdalla. Tinachokera limodzi ku famu ya marozi kumene tinkagwira ntchito kale, ndipo ntchito yangayi anandipezera ndi iyeyo. Amasamalira dimba la mng'ono wawo wa Mai Desmond, msewu wachiwiri kuchoka pathu. Anandifunsa za ntchito. Ndinati zili bwino. Bodza, m'nyumba ya Mulungu.

Zulekha alibe manyazi. Akuti: "Bambo a Bahati, mukasankhe amene amafota msanga. Akaona akufa akusungani." Nzeru zake n'zoona. Petuniya ukamuiwala masiku awiri wagona. Hayidiranjiya amamwa ngati ng'ombe. Mai Desmond sadziwa kusiyanitsa, duwa lililonse kwa iwo ndi lofiira kapena loyera basi.

Ndili ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza chimodzi. Kumudzi kwa bambo anga ku Mangochi sindinapondeko phazi. Akandichotsa ndipita kuti?

Loweruka, 14 Seputembala

Ku nazale pagalimoto ya abwana, ine mpando wakumbuyo pamodzi ndi miphika. Petuniya ali ndandanda pakhomo penipeni, wofiirira, wonyezimira. Mai Desmond anaima pomwepo. Akuti: "Awa bwanji, Sekuru?" Ndinanyamula mphika umodzi. Kungoti inde, basi ntchito yapulumuka.

Ndinaubweza. Ndinati awa ndi ovuta, amayi.

Sindikudziwa chinandigwira pakamwa. Mwina marozi aja. Chaka chimene famu inatha, madzi atatsekedwa, ndinaona mizere yonse ikuweramitsa mitu tsiku limodzi, maluwa amene ndinawalera ndi manja angawa kuyambira ndili mnyamata. Kugula duwa ukudziwa kuti ukukalipha, ayi, zinandikanika. Tabwera ndi jeraniyamu, potulaka, boganivila awiri, gavakava ndi vinka. Ndinasankha athanzi okhaokha, mpaka kutembenuza masamba kuona ngati alibe nsabwe.

Zulekha sanandiyankhule mpaka pano.

Lachiwiri, 17 Seputembala

Kapinga achotsa. Anyamata atatu ndi mapiki, tsiku limodzi lokha. Ine ndinamubzala ndi chala, kamtsitsi kamodzikamodzi, mwezi wathunthu. Marozi anga asanu ndi awiri a m'mbali mwa khoma ndazula ndekha, sindinafune wina awakhudze. Ndaika zitsa zake m'thumba la ufa.

Miphika khumi ndi iwiri ndabzala, ndaiyala pa njerwa. Bwalo likuoneka ngati pa siteshoni ya basi. Abwana akuti: "Musathirire milungu iwiri, tione ngati ndi olimbadi." Tione. Akuyesa maluwa, koma amene ali pa mlandu ndine.

Lolemba, 23 Seputembala

M'mawa ndapeza kapepala m'thumba la malaya. Mchere. Zulekha sananene kanthu, ine sindinafunse. Supuni imodzi mumphika uliwonse, pakatha sabata onse achita chikasu, palibe angadziwe.

Tsiku lonse ndayenda nawo. Ntchito palibe, ndasesa njerwa zosesa kale. Kawiri konse ndinaima pa mphika wa jeraniyamu dzanja lili m'thumba. Watulutsa timaluwa tatsopano titatu, wopanda ndi dontho lomwe la madzi. Ndinamutukwana chamumtima. Ndimadana nawo maluwa amenewa, ndipo ndimanyadira kuti ndinawasankha bwino. Zonse ziwiri.

Mchere ndabwera nawo, ndauika patebulo. Zulekha wauthira m'ndiwo. Akuti: "Idyani, a chilungamo."

Lolemba, 30 Seputembala

Palibe ndi limodzi lomwe lafota.

Mpando uja andipatsanso. Mawu ambiri okoma: ndine wokhulupirika, ndine ngati wachibale, zinthu zavuta, madzi kulibe. Andipatsa envulopu, jekete yakale ya malemu amuna awo, ndi mphika umodzi wa vinka. Akuti: "Uwu sukuvutani, Sekuru." Ndinati zikomo, mpaka kuomba m'manja. Zaka makumi awiri, ndatuluka pageti nditanyamula duwa la pabwinja.

Ratidzo analira. Ndamuuza kuti azithirira m'mawa, pa dothi osati pamasamba, ndipo boganivila asamuchitire chisoni. Ngakhale pochoka ndikuphunzitsabe. Ndani anandilodza ine?

Lachisanu, 18 Okutobala

Sindinalembe. Ndilembe chiyani?

Ndayenda mageti a ku Waterfalls mpaka nsapato yang'ambika. Kulikonse njerwa, kulikonse miphika. Ena amayankhira pa kafoni ka pageti osatsegula n'komwe. Tsopano ndimakhala pa tebulo la Zulekha pamsewu, kuthamangitsa ntchentche pa tomato.

Zitsa za marozi ndinazibzala m'zidebe za penti. Madzi ndi a pamzere wa ku mjigo, ndiye ndimazipatsa otsala posamba. Zinayi zafa. Vinka ndinamuponya kuseri kwa chimbudzi, sindinamuthirirepo. Wachita maluwa.

Dzulo ndinasuzumira pa mpata wa geti la Mai Desmond. Boganivila wafiira mpaka pakhoma. Sakundisowa ngakhale pang'ono.

Lachitatu, 30 Okutobala

Foni! Mai Desmond. Akuti ndipite mawa. Mwina nsabwe zagwira jeraniyamu, mwina Ratidzo wathirira mopitirira. Mulungu andikhululukire, ndasangalala. Ndanola sizasi, Zulekha wasita malaya. Lero waseka koyamba mwezi uno.

Lachinayi, 31 Okutobala

Maluwa ali bwinobwino. Amene akundifuna ndi mng'ono wawo. Anabwera kudzacheza, waona bwalo, wasirira. Akuti Loweruka ndimuperekeze ku nazale ndikamusankhire omwewo, adzandipatsa kangachepe. Kwa iyeyo chitsime sichinaphwe n'komwe, pampu ikutulutsa madzi bwinobwino. Wangotopa ndi kulipira munthu.

Munthuyo ndi Abdalla.

Ndinakumana naye pakona akukankha wilibala. Nkhope yonse mano. Akuti: "Achimwene, ndamva mukubwera kudzatisankhira maluwa! Abwana mpaka anandikhazika pampando pondiuza." Ali ndi adzukulu anayi pakhomo, amayi awo anamwalira chaka chatha. Ndinangoti tionana Loweruka.

Loweruka, 2 Novembala

Ku nazale komwe kuja. Mayiyo analoza jeraniyamu, akuti ngati a kwa akulu anga. Ndinapukusa mutu ngati dokotala. Ndinati kwanu kuli mthunzi wambiri, amayi, awa sangachite. Ndawasankhira petuniya miphika khumi, hayidiranjiya sikisi, marozi anayi. Ndinati awa ndiye osavuta. Mawu sananjenjemere ngakhale pang'ono. Anandithokoza.

Pobwerera Abdalla anatsitsa miphika, anayang'ana maluwa, anandiyang'ana ine. Akuti chapansipansi: "Achimwene, awatu amafuna munthu m'mawa ndi madzulo." Ndinati ndikudziwa. Anapita kukatenga paipi.

Sindinaphe duwa lililonse. Abdalla akakhalapo, akhala moyo onsewo.

Ndamuuza Zulekha. Sanaseke, sanakalipe. Wangofunsa kuti: "Nanga pakamwa pomwepo mu Seputembala panali pati?"