Mkazi Wanga Akufuna Kukaona Malo Amene Ali M'sikirini

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 34, ndimakonza mawailesi ndi mavidiyo pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika wa Ndirande. Ndili pabanja ndipo tili ndi ana atatu. Mowa sindimwa, za akazi apambali sindizidziwa. Ndayamba ndi zimenezi kuti musafulumire kundiweruza, chifukwa vuto langa mukalimva mwina museka. Ine kuseka kunandithera. Lamlungu lomaliza la mwezi uno ndikuyenera kuperekeza mkazi wanga ndi amalume ake kukaona malo athu omangapo nyumba. Malowo kulibe.

Zinayamba mu Meyi. A Wahabu, dalaivala wa thiraki amene amayenda maulendo a ku Joni, anandibweretsera kamakina kotuwa ka masewera a ana, aja amalumikiza ku sikirini ya vidiyo. Anati, "Kakukana kuyaka aka. Mukaone, ndidzatenga ndikabwerako." Vuto linali kawaya kamodzi basi. Nditawotcherera ndinalumikiza ku sikirini ina imene mwini wake anachita ngati anaiiwala, kungoti ndiyese ngati ntchito yatheka.

Pagalasi panatuluka kamunthu kochepa ngati nyemba, kataima pa udzu wobiriwira. Ukadina batani kamayenda. Mawu onse a mmenemo ndi a zilembo za Chijapani, ndiye chimene kamunthuko kanatumidwa sindikuchidziwa mpaka lero. Ine ndinangokalozetsa kum'mawa kuti ndione pamene dzikolo lathera. Aphungu, silinathe. Udzu, udzu, udzu. Kenako mtengo umodzi uli wokhawokha. Kenako udzu. Patapita nthawi mtsinje, kamlatho, mchenga wachikasu, ndipo kanyimbo kake kakungolira pansipansi ngati munthu woimba mluzu ali kutali. Nditadzutsa mutu ndinapeza tiyi wanga atazizira, ntchentche itagweramo kale.

Timidzi tilimo, ndawerenga tinayi, koma ndimangodutsa msanga chifukwa tianthu ta mmenemo timatsekereza njira ngati pamsika pomwe pano. Tizilombo timatulukanso nthawi zina, ine ndimangotilambalala. Chimene ndimafuna ndi pakati paja, popanda kanthu.

Mnzanga Habibu, telala amene timagawana naye khonde, anaonerera tsiku lina n'kupukusa mutu. Anati, "Aise, anthu awa akuberani. Dziko lonseli mulibe ngakhale womenyana naye? Ichi ndi chitenje cha mayadi sikisi chopanda duwa ndi limodzi lomwe. Anangochikoka kuti chioneke chachikulu." Mumtima ndinkadziwa kuti sakumvetsa.

Inu mukudziwa mmene timakhalira kuno. Ife tili pa lendi, zipinda ziwiri. Pakati pa khoma lathu ndi la aneba munthu amadutsa cham'mbali. Mabanja asanu ndi limodzi, chimbudzi chimodzi, chingwe choyanikapo zovala chimodzi, ndipo ndewu za chingwecho sizitha. Ukayetsemula m'nyumba mwako, wina kuseri kwa khoma amati pepani. Ine ndinabadwira mu Ndirande momwemuno, ndipo chibadwire sindinaimepo pamalo pamene sipakumveka wailesi ya munthu wina. Kuntchito nakonso ndi mawailesi okhaokha kuyambira m'mawa. Ndiye masana, sayirini ya kufakitale ikalira, Habibu akapita ku mzikiti, ndimazimitsa zonse n'kuyatsa kamakina kaja. Ndimayenda. Palibe wondiitana, palibe wondigunda phewa. Mapewa anga amatsika okha, ndimapuma mpaka pansi pa mimba.

Magetsi akathima zonse zimayambiranso poyambirira, ndiye kuti ndisamasochere ndinayamba kujambula mapu kuseri kwa kalendala yakale. Pepala limodzi linachepa, ndinamata lachiwiri ndi selotepi, pano alipo anayi. Mtunda ndimayeza ndi wotchi. Kuchokera kunyanja ya kumadzulo kukafika kumapiri a kum'mawa ndi mphindi makumi asanu osaima.

Tsiku lina ndinapatukira kumpoto n'kupeza malo ena. Uwoloka mtsinje, uyenda pang'ono, pali kaphiri kumbuyo ndi mtengo umodzi waukulu. Sipabwera chilombo, palibe nyumba, palibe njira. Ndinaimika kamunthu kanga pansi pa mtengowo, ine n'kumadya chimanga changa chootcha ndikungoyang'ana. Kuyambira pamenepo ndimapita komweko tsiku lililonse. Pa mapu ndinaikapo mtanda, n'kujambula kanyumba ka khonde loyang'ana kumtsinje. Cha kumbali ndinalemba kuti "mapeyala apa," kwinaku "khola la nkhuku." Ndinkangosewera, Aphungu. Mulungu ndi mboni.

Mu Juni kunagwa chiperoni sabata yathunthu ndipo khonde lathu limadontha, ndiye ndinapinda mapu aja n'kuwaika m'thumba la jekete. Ndinaiwala. Loweruka mkazi wanga Jesinta anawapeza pofuna kuchapa. Nditafika madzulo ndinamupeza atawayala pamphasa, misozi ili mbwee, koma akumwetulira. Anati, "Bambo a Anjelina, zoona mungagule malo osandiuza? Mumafuna kundidzidzimutsa eti?" Ndisanatsegule pakamwa anafunsanso, "Ndi kuti? Ndi ku Machinjiri?"

Ndikanangoseka n'kunena zoona, bwenzi nkhani itathera pomwepo. Koma nkhope imeneyo ndinali ndisanaione kuyambira tili pachibwenzi. Pakamwa panga panayankha pokha. Ndinati, "Cha komweko."

Kuyambira tsiku limenelo m'nyumba mwathu mwasintha. Mayiyu akuimba akamasesa. Za chingwe sakulimbananso ndi munthu, akuti asiyeni, ife ndi alendo pano. Anatola zitini zitatu za penti n'kubzalamo njere za mapeyala, ziwiri zamera kale, amazithirira m'mawa uliwonse asanatereke madzi osamba. Tikamadya amandifunsa, "Dothi lake ndi lofiira kapena lakuda? Kumtsinjeko mwana angapite yekha? Mtengowo ndi wa chiyani?" Ine ndimayankha. Ndinati ndi mkuyu. Ndipo chimene chikundichititsa manyazi kwambiri n'chakuti kuyankhako kumandikoma. Timakhala awiri kumakonza pokhala khitchini, pokhala bafa, iye akuti zenera la kuchipinda liyang'ane kuphiri kuti azidzuka ndi kamphepo. Zaka zisanu ndi zinayi za banja sitinachezepo chonchi.

Anauza amayi anzake a kumphakati wa kutchalitchi kwathu. Analembera kalata amalume ake, a Maxon, ku Chiradzulu, ndipo ayankha kuti abwera adzaone malire ndi kutibweretsera chikombole choumbira njerwa. Ndayesa kawiri kuti ndiulule. Kachiwiriko ndinafika poti, "Amake Anjelina, pali nkhani," iye n'kutembenuka ali ndi chitini m'manja, kamtengo katatulutsa masamba awiri ofiirira. Ndinati nkhani yake ndi ya makala.

Habibu akuti ndisavutike, kuseri kwa phiri la Ndirande tchire lilipo lambiri, ndingowatengera kumeneko n'kuloza paliponse pamene pali mtengo, zina tidzaona kutsogolo. Nthawi zina ndimaona ngati ndi nzeru. Ndikuopa kuti ndikanena zoona mkaziyu sadzandikhulupiriranso, mwinanso anyamuka ndi amalume akewo ulendo umodzi. Ndimamukonda, Aphungu, ndipo mtima ukundiwawa. Ndichite chiyani? Komanso ndiuzeni mosabisa, kodi mutu wanga uli bwino, bambo wamkulu kumasowa mtendere chifukwa cha malo opanda kanthu a pagalasi?

V.K., Ndirande, Blantyre.

*

Bambo V.K.,

Kuseka ndaseka, sindikubisirani. Koma nditafika pa zitini za penti zija ndinasiya, ndipo kalata yanu ndaidumphitsa pamzere chifukwa masiku akutherani.

Tiyambe ndi nzeru za a Habibu. Zisiyeni pakhonde pomwepo, iwo asoke malaya. M'Blantyre muno mulibe tchire lopanda mwini. Mukakaloza pamtengo paja, musanatsitse mkono atulukira munthu ndi chikwanje kudzafunsa kuti mukuyeza chiyani m'munda mwake. Ndiponso a Maxon sakuchoka ku Chiradzulu kudzaona udzu. Adzafuna mapepala, adzafuna kupereka moni kwa oyandikana nawo malire. Bodza limene pano likudziwika ndi inu ndi a Habibu okha lidzaphulika pamaso pa akuchikazi, mkazi wanu ataima pomwepo ndi chitenje chake chatsopano. Chimenecho ndiye sangadzakukhululukireni.

Mutu wanu uli bwinobwino. Munthu wokulira pamene khoma limayankha ukayetsemula amamva ludzu la malo, ndipo ludzu limenelo si matenda. A Habibu akunena zoona mbali imodzi: amene anapanga masewerawo sanalipire kanthu pokuza dziko lawo, udzu wa pagalasi sagula. Koma kukoma kwa chitenje si maluwa okha. Mtengo wanu uja ukanakhala pakhomo pa kamudzi, pakati pa tianthu totsekereza njira, simukanauona n'komwe. Ukukoma chifukwa mumayenda mtunda wopanda kanthu kuti muufike. Pamenepo ndikukumvetsani. Kungoti dziko limenelo silikupemphani chilichonse. Mvula sigwa, mwana sadwala, udzu sufuna khasu. N'chifukwa chake n'losavuta kulikonda, ndipo magetsi akathima limapita osatsanzika. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, bambo, wa pachala ndi wa mphepo.

Tsono taonaninso mapu anuwo. Kamunthu kanu kaja sikadya mapeyala, sikaweta nkhuku, khonde sikalifuna. Munkajambulira ndani? Ine ndikuona kuti mayi a Anjelina anali pamalopo kale musanaiwale pepala m'jekete. Loto ndi lanu nonse awiri, ndipo lotolo si bodza. Bodza ndi mawu awiri aja, "cha komweko," ndi onse amene mwakhala mukuwonjezerapo pa chakudya chilichonse mpaka mkuyu.

Auzeni mawa. Osati kunyumba, kumene mabanja asanu adzamvere limodzi nawo. Aitanireni kuntchito masana, a Habibu akapita ku mzikiti. Yatsani kamakinako, muwapatse mabataniwo m'manja, mapu ali pamiyendo pawo, ayende okha mpaka awoloke mtsinje. Akafika pamtengo muwauze kuti malo aja ndi amenewa, ena kulibe, ndinakunamizani. Mawu akuti "ndinanama" atuluke pakamwa panu momveka. Musayambe ndi zoti munkangosewera, kapena kuti iwo ndi amene anafulumira kuganiza. Anafunsa funso loongoka, inu munayankha mokhota.

Adzakwiya, ndipo ali ndi chifukwa. Mwina adzalira, mwina adzakhala masiku osakuyankhulani. Musawathamangitse kuti akhululuke msanga. Kumbukirani kuti manyazi a kumphakati adzawasenza ndi iwo, pamene wowapangitsa ndinu. Mutu ukakula sulewa nkhonya, choncho kalata ya kwa a Maxon mulembe ndinu, ndi dzanja lanu, asanakwere basi ndi chikombole chawo. Muwauze kuti malo sanapezeke ndipo wolakwa ndinu, osati mwana wawo.

Kodi munayamba mwapitako ku ofesi yogawa mapuloti? M'kalata yanu yonse sindinaone. Mwayenda mphindi makumi asanu tsiku lililonse kuyambira Meyi, koma ulendo wa m'tauni momwemuno wakukanikani! Mtima wa mayi ukatsikako, pitani nonse awiri mukalembetse. Mzere wake ndi wautali, mungadikire zaka, ndipo mudzapeza kuti puloti yeniyeni ndi yaing'ono, ili ndi miyala, mtsinje uli kutali, aneba ali pomwepo ndi wailesi yawo. Muwauze zimenezo poyambirira. Kapepala ka ku ofesiko, ngakhale kakhale kongosonyeza kuti dzina lanu lili pamzere, kadzalankhula kuposa pepani zana.

Lamlungu limene munakonza lija musaliphe. Mukatuluka m'tchalitchi siyani ana kwa aneba, mukwere phiri limene mwakhala pansi pake zaka 34. Pamwamba paja mphepo ilipo, wailesi sifika. Mukakhale pamwala muyang'ane cha ku Machinjiri, ndipo za zenera loyang'ana kuphiri mukapitirize kukambirana, pokhapo tsopano nonse mukudziwa pamene mwaima. Macheza amene akukukomaniwo sanabwere ndi kamakina. Anabwera chifukwa munayamba kuyankha mkazi wanu akamalota.

Kamakinako ndi ka ana a Wahabu. Akabwera apatseni, musawauze kuti kakufunikabe kuyesedwa. Mapuwo muwapereke kwa mayi, asankhe okha kuwasunga kapena kukolezera mbaula. Koma musayendenso nawo m'thumba. Pepala lojambula pamanja, lokhala ndi milatho, mitanda ndi mphindi zowerengedwa, mukakumana nalo ndi apolisi ofunsa mafunso pamsewu simudzakhala ndi sikirini yowafotokozera.

Chenjezo langa ndi ili. Mukazengereza, mudzapeza chifukwa china chabwino chozengerezera, ngati cha makala chija. Peyala limapirira m'chitini chaka chimodzi, mwina ziwiri, kenako mizu imasowa kopita n'kuyamba kudzikulunga yokha mpaka mtengo kufa. Mukanena zoona mawa, nthawi yoti mitengo iwiri ija ipeze dothi ikadalipo. Mawa m'mawa mayi a Anjelina adzadzuka, adzatunga madzi, adzathirira zitini zawo akuimba. Likhale tsiku lomaliza kuthirira asakudziwa.

Aphungu