Munati Odi Katatu

Amayi, kumeneko mukukhalako bwanji kodi?

Ndikufunsa ine chifukwa inu kulemba simulemba. Miyezi khumi ndi umodzi chichokereni, ngakhale kutulo simunandionekere. Feliya, mng'ono wangayu, akuti kwa iye mwafikako kawiri, ulendo wina munamukalipira za mphika wanu umene anauthyola khutu. Ine amene munandigulitsira mbuzi zinayi kuti ndikaone zitseko za yunivesite, ayi ndithu, zii. Chabwino. Kukondera munali nako kale, sindikudabwa.

Kuno ku Chiwalo tilipo. Feliya anachira mu Julayi, mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Zotsatira zake n'zakuti palibe amene angamukalipire. Akalira, bambo ake amagwada n'kumufunsa kuti talakwanji. Nandolo anachita bwino chaka chino, mpendadzuwa ayi. Chinangwa cha kuseri kwa nyumba mbuzi za eni ake zinachitira phwando. Kalongonda ndiye tangomusiya. Feliya anamuphula msanga osataya madzi kokwanira, ndipo mlamu wanga anakhala tsiku lonse atakumbatira mtengo wa mango akunena kuti dziko likuzungulira. Paja munkati, "Kalongonda safuna munthu wa mtima wa m'tauni." Panthawiyo munkanena ine.

Koma nkhani imene ndalembera ndi ya Abambo. Anatsala pang'ono kutichokera.

Mukudziwa kuti titameta, amalume anakana kuwasudzula. Anati munthu amene wakhala pamudzi pano zaka makumi anayi salinso mkamwini, akhale ndi ana ake. Abambo anavomera. Ndiye mwezi watha tangoona amanga zovala m'chikwama chawo cha uphunzitsi chija, akuti awaperekeze kwawo ku Mkhumba. Ku Mkhumba, Amayi! Kumene kwatsala manda ndi mphwawo mmodzi amene sadziwa kuwiritsa ndi madzi omwe. Munthu wa shuga, maso akuchita chifunga. Kumeneko sakanatha chaka. Titawafunsa chifukwa, anangoti chakudya cha m'munda mwanu sichikutsika pakhosi.

Feliya ndi amene anandiululira, ndipo zonse zagona pa mawailesi athu aja.

Mukukumbukira momwe munasekera ine ndi Abambo titakalemba mayeso a laisensi ya wailesi zolankhulirana. Ine yanga ndinaimangirira m'galimoto ya pikapu, eriyo pamwamba, Abambo ndinawagulira yaing'ono ya m'manja. Inu zonse munkangoti ovaova. Ikamalira phokoso lake lija, shiii, munkati, "Anthu ophunzira inu, mwagula chinthu chodula kuti muzimvera mvula mu Okutobala." Komabe munalola kuti ndikuphunzitseni, ndipo munagwira msanga kuposa amuna anu. Pambali pali batani, ukadina umalankhula, ukasiya umamva. Basi. Abambo kusiya kunkawavuta. Ankadina n'kupereka moni kwa ine, kwa anzanga a ku ntchito, kwa mwini nyumba wanga, n'kumadabwa kuti palibe akuyankha, chala chili chikanikizire mpaka wailesi kuwadula yokha. Inu munkati, "Ngakhale popanda ovaova ndi momwemo, batani lawo sasiya."

Pali chinthu chimodzi chimene sindinakuonetseni, poti chili pa wailesi yanga. Kutsogolo kwake kuli zopotokola ziwiri. Chachikulu n'chosinthira tchanelo, chaching'ono n'chokwezera mawu. Kuseri kwa chaching'onocho kuli kamkombero kamene timati sikwelichi. Ntchito yake ili ngati chitseko cha mpanda. Ukakapotokolera kumanja, phokoso la shiii lija limaleka, wailesi imakhala chete, imatseguka pokhapokha wina akaitana ndi mphamvu zokwanira. Ukakapotokola kwambiri, woitana wa kutali, wa wailesi yofooka, amatsalira kunja. Iwe m'katimo sudziwa n'komwe kuti kunja kuli munthu.

Tsiku lija mvula inali itagwa masiku anayi. Mafoni anali atafa, mlatho utapita. Mmawa chifuwa chitakugwirani, Abambo anatuluka kukafuna amuna onyamula machila. Feliya akuti munamuuza kuti akupatseni ovaova. Munaigwira bwinobwino, munadina, munati, "Odi kumeneko." Munasiya batani, munadikira. Munabwerezanso. Kachitatunso. Feliya anakuuzani kuti mungonena kuti mukudwala, inu munati, "Ndiyambe kukhuthula mavuto pakhomo pa munthu asanandilandire?" Kenako munaiika pamkeka n'kunena kuti, "Ali pa ntchito, musiyeni." Masana omwewo munatisiya muli pa machila, mtsinje musanaufike.

Amayi, ulemu wanuwo! Munthu chifuwa chikuphulika, mukuchita odi? Kwa mwana wanu, amene munamuchapira matewera? Ine pakhomo panu ndinalowapo ndi odi liti? Ndinkangofika n'kuvundukula miphika. Ndikudziwa, ngakhale mukanakuwa sizikanasintha, wailesi siyeza kukuwa kwa munthu. Koma ndisiyeni ndikukalipireni pang'ono, poti ndikaleka ndiyamba kulira ndipo pepala ndili nalo ndi lomweli.

Feliya anabisa zonsezi chifukwa Abambo anamuletsa kundiuza. Wailesi yawo ili ndi poikira mphamvu, yochepa kapena yambiri. Popeza dzuwa silinaoneke masiku anayi ndipo sola sinkatchaja, iwo anaiika pa mphamvu yochepa kuti batire isathe. Atabwerako ku manda anaiona ili pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo akhala akudziuza kuti mawu anu anafera m'njira chifukwa cha iwo. Wailesiyo anaikulunga m'nsalu yanu n'kuiponya pansi pa bedi.

Nditamva, ndinazindikira kuti mlanduwo si wa Abambo okha. Chifukwa ine ndikudziwa kumene ndinali mmawa umenewo. Ndinali ku boma, m'galimoto, pansi pa mtengo wa mango wa kuseri kwa ofesi, ndikudikira kuti mvula ichepe tikaone misewu. Wailesi inali yoyatsa, pa tchanelo chathu. Koma phokoso linkandipweteketsa mutu, mvula padenga, shiii m'kati, ndiye ndinapotokola kamkombero kaja mpaka kumapeto. Ndinakhala pamenepo maola awiri ndikudya mandasi. Pamaliro ndinkauza aliyense kuti wailesi inali chete tsiku lonse. Sindinaname. Ndinaitontholetsa ndine.

Paja munkati, "Iwe umamva okhawo okuwa." Ndinkayesa mukungondinena za makani anga.

Ndikanatha kukhala chete, Amayi. Abambo akanapita ku Mkhumba ndi mlandu wawo, ine n'kutsala mwana wabwino wa digiri. Ndinaganizirapo masiku atatu, sindikubisirani. Loweruka ndinaimika galimoto pansi pa mtengo womwe uja, dzuwa lili pamutu, n'kuimbira Feliya kuti atulutse wailesi pansi pa bedi, aitchaje, awagwiritse Abambo ngakhale akane. Anakana ndithu. Anati si mwana woti azimuseweretsa. Feliya anangowakhazika mdzukulu wa dzina lanu uja pamwendo n'kuwauza kuti Amayi akukupemphani. Anagonja.

Ndinati aisiye pa mphamvu yochepa yomweyo, aitane. Ine kamkombero ndinakaika pamene kanali tsiku lija. Pafoni ndikumva Feliya akuti aitana, aitananso. M'galimoto zii. Ndiye ndinayamba kukabweza kumanzere pang'onopang'ono. Phokoso linabwera, shiii, ndipo m'kati mwa phokosomo munali mawu a Abambo, aang'ono ngati a munthu ali tsidya la dambo, koma omveka liwu lililonse. Mukudziwa zimene ankanena? "Odi kumeneko." Inu anthu awiri inu.

Ndinatenga maiki, ndinadina, ndinawauza zonse, za kamkombero, za mutu, ndi mandasi omwe. Ndinati mawu a Amayi anafika, Abambo, anafika mpaka pa galimoto pano, wotseka chitseko ndinali ine. Nditasiya batani ndinadikira.

Munthu akadina osalankhula umadziwa, chifukwa phokoso limatsika, pamatsala kupuma kwake. Abambo anadina nthawi yaitali. Munthu amene moyo wake wonse sanasowepo chonena. Kenako anafunsa, "Ukanamva, galimoto ikanawoloka?" Ndinati ayi, mlatho panalibe, mwina ndikanazungulira, mwina ayi, sindikudziwa. Anati, "Koma ukanawayankha." Ndinati inde, ndikanawayankha.

Pamenepo ndi pamene pakundipweteka, Amayi. Za kuchira sindingadziwe. Koma munagogoda pakhomo panga katatu, n'kuchoka mukundiikira kumbuyo kuti ndili pa ntchito.

Anadinanso. Ndinkayembekezera kuti andikalipira, ndipo ndinkafuna atero. Anangoti, "Ndiye tinatseka tonse, ine uku iwe uko." Kenako anati, "Ukamabwera ubweretse mbewu ya chimanga. Munda wa kumtunda uja sunagalauzidwe, ndipo mlamu wakoyu mizere yake ndi yokhota." Atatero anayamba kufunsa za anzanga a ku ntchito, mmodzimmodzi, chala chili pa batani, mpaka wailesi inawadula. Sindinakondwerepo ndi kulongolola kwawo ngati tsiku limenelo.

Chikwama amasula. Zovala zabwerera pa chingwe. Kudya akudya, pang'ono, koma akudya. Sindikunena kuti zatha. Ndikapitako timakhala pakhonde, pakati pathu pali malo anu, ndipo pali nkhani zimene timazizungulira.

Mitambo yayamba kusonkhana pa phiri la Michesi, mvula ili pafupi. Abambo wailesi yawo tsopano ili pa mphamvu yambiri, ndawagulira batire yachiwiri kuti asiye kuumira. Ine kamkombero kaja ndinakabweza kumanzere ndipo sindikakhudzanso, ili ndiye lonjezo langa kwa inu. Anzanga akakwera galimoto amadandaula kuti phokoso likuwaboola makutu. Ndimawauza kuti minibasi zilipo. Ndimayenda nayo mvula yanu ija tsiku lonse, kuchoka ku boma mpaka ku chigwa, ndikumvetsera.

Ndachedwa miyezi khumi ndi umodzi, koma ndiloleni ndiyankhe. Odini, Amayi. Lowani, musavule nsapato.

Ndine mwana wanu wa makani amene amakukondani,
Esinati