Kansomba ka m'Ndowa

Seogwipo, Jeju
12 Epulo

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino. Nanga bondo lija, laleka kukuvutitsani? Ine kuno ndili bwino, kupatula manja ong'ambika ndi madzi amchere. Ndiwo ya kimchi munatumiza ija inafika, koma anzanga opanda manyaziwa anaimaliza tsiku lomwelo.

Kuntchito koweta nsomba kuno andichotsa kodyetsa, tsopano ndili kosankha tiana ta nsomba zophwatalala zija. Tinsombati timabadwa ngati nsomba ina iliyonse, diso uku, lina uku. Pakatha milungu itatu kapena inayi, diso lakumanja limayamba kuyenda, kudutsa pamutu mpaka kukapeza linzake, kenako kansombako kamatsikira pansi n'kugona chammbali. Koma tina diso limaima panjira. Timeneto ntchito yanga ndi kutiwola ndi kaukonde n'kutitaya, tambirimbiri patsiku.

Sabata yatha dzanja linakana. Kamodzi ndinakaika m'ndowa n'kukabisa kuseri kwa thanki. Mayi Ko, otiyang'anira, anakapeza. Anandifunsa ngati ndatsegula khola langalanga pantchito, kapena ndikufuna kansombako ndikafunire mwamuna. Nditawauza za mwana wanga Dasom ndi diso lake, anati madziwo ndizisintha kawiri patsiku, ndipo bwana akafunsa ndinene kuti ndowayo ndi yawo. Kamadya kuposa tinzake tonse, Amayi.

Tsopano pempho langa. Pa zithunzi zonse zimene mwanditumizira zaka ziwirizi, Dasom amakhala atayang'ana kumbali, apo ayi tsitsi litaphimba diso lolowera mkati lija. Pafoni anandiuza kuti agogo amati akatero amaoneka bwino. Ananena mosangalala, ndipo n'zimene zinandipweteka kwambiri.

Sindikukudzudzulani. Mukundilerera mwana, ndipo ndikudziwa kuti mukumutchinjiriza ku pakamwa pa anthu. Koma Malichi akubwerayu ayamba sukulu, ndipo sindikufuna akalowe m'kalasi chammbali.

Chonde, tsiku la msika mupite naye kwa ojambula ku Gurye. Tsitsi mumumangire kumbuyo, ayang'ane kutsogolo. Ndikamuganizira masiku ano ndimaona theka la nkhope lokha, ndipo ndikuopa kuti linalo ndiliiwala.

Moni kwa achimwene ndi alamu anga, komanso azakhali a ku Hadong. Dasom mundipsompsonereko pamaso, onse awiri.

Ine mwana wanu,
Yeong-sil