Chitenje cha Amayi ku Roma

Lolemba, 15 Sepitembala 1975

Ndabwerera ku North York, mapazi otupa ngati mandasi. Masabata awiri ku Italy, ine Zelipa wa ku Bembeke! Mawa ndikulowa ntchito m'mawa kuchipatala, koma mutu udakali ku Venice, kumene basi yake ndi boti ndipo madzi amafika pakhomo penipeni. Ndinamufunsa wopalasa boti wina ngati ana samira. Anangoseka.

Phyllis, nesi mnzanga wa ku Zomba amene ndinapita naye, wayamba kale zoti chaka chamawa ku Spain. Mkazi ameneyu satopa.

Mafilimu atatu ndakasiya kotsukitsa, atuluka Lachinayi. Zayenda bwino, chifukwa a Ambrose, bambo wa kwathu amene anali pasukulu kuno, amaliza maphunziro awo ndipo akukwera ndege Loweruka kubwerera kumudzi. Avomera kunditengera envulopu ya Amayi.

Lachiwiri, 16 Sepitembala

Ndawerenganso kalata ya Amayi, ija anawalembera akatekisiti. "Mwanawe, ine ku Roma sindidzafikako. Unditumizire chithunzi utaima pa tchalitchi cha Petulo Woyera, thupi lonse, ndione phazi lako litaponda pamenepo. Ndikaonetse anzanga kutchalitchi."

Akhala akulengeza m'mudzi monse chiyambire Pasaka. Ndipo maso awo ng'ala ikuwatseka pang'onopang'ono. Chaka chamawa mwina sadzaona kanthu. Mwayi ndi uno wa a Ambrose.

Lachitatu, 17 Sepitembala

Ntchito basi. Wodwala wina wachitaliyana ndamupatsa moni m'chinenero chake, mpaka wandipsompsona dzanja, ati!

Lachinayi, 18 Sepitembala

Zithunzi zatuluka, zokongola zedi. Ndinayamba kuziona m'basi momwemo. Mlatho wa ku Florence uja wokhala ndi timasitolo pamwamba. Chiboliboli cha Davide ali mbulanda, Phyllis ataphimba maso koma zala zili yasa. Bwalo lakale la ku Roma lomwe ankaponyeramo Akhristu ku zilombo, lero mwadzaza amphaka. Nkhunda zitanditera pamutu ku Venice. Ndinaseka ndekha mpaka mzungu wa pambali anasuntha.

Nditafika kunyumba n'kuziyala pabedi kuti ndisankhe cha Amayi, mtima unangoti phwii. Mayo ine! Chilichonse ndili m'buluku. Chilichonse! Buluku lofiirira lija Phyllis anandikakamiza kugula, ati m'sitima siketi imavuta. Ndinazolowera mpaka kuiwala kuti ndavala chiyani. Pa Petulo Woyera ndaima bwinobwino, tchalitchi chonse kumbuyo, nsapato pamiyala, koma miyendo iwiri ili poyera ngati mwamuna.

Kwathu lamulo likuletsa mkazi kuvala buluku. Ngakhale lamulolo palibe, Amayi angatulutse chimenechi pamaso pa azimayi anzawo? Angafe ndi manyazi.

Chondipweteka n'chakuti chitenje ndinali nacho m'chikwama, chija cha mbalame zobiriwira chomwe Amayi anandipatsa ponyamuka kumudzi. Pakhomo pa tchalitchi mlonda anamubweza Phyllis chifukwa cha kasiketi kake kolekeza m'ntchafu. Ine msangamsanga kutulutsa chitenje, kumumanga m'chiuno, tonse n'kulowa. Ndiye chithunzi chokhacho chomwe muli chitenje cha Amayi, wavala ndi Phyllis, akumwetulira ngati mkazi wa mkulu wampingo. Ndalira pang'ono, kenako ndaseka.

Lachisanu, 19 Sepitembala

A Ambrose anadutsa masana kudzatenga envulopu. Ataona chithunzi cha pa Petulo Woyera chija anapukusa mutu. "Achemwali, ichi ayi. Pa Chileka amatsegula chilichonse. Mukufuna ndikayambe kufotokoza za buluku lanu ndisanaone ana anga?" Sindikuwada, zaka zinayi asanaone banja.

Phyllis nzeru zake: "Ingodula m'chiuno ndi sizasi, utumize chakumtunda." Ndati nanga phazi? Amayi apempha phazi. Ndiye akuti tipite kutauni, ndivale chitenje, andijambule pa tchalitchi chilichonse chachikulu, ndani akadziwe. Iii, kunamiza Amayi pa za Petulo Woyera? Ndamuuza kuti iye ndiye anayambitsa zonsezi ndi miyendo yakeyo, akhale chete. Wandigulira sipageti kuti ndimukhululukire. Ndadya.

A Ambrose ati ndikapeza china ndikawapeze kubwalo la ndege ku Malton mawa isanakwane teni.

Loweruka, 20 Sepitembala

Ndinadzuka m'mamawa kusita zovala za ulendo kuti ndizisunge. Nditafika pa chitenje chija ndinaima, simbi ili m'manja, mpaka pang'ono ndichiwotche.

Ndinadula kachidutswa pangodya, kokhala ndi mbalame imodzi yathunthu. Guluu ndinakapempha kwa mayi wa khomo loyandikana. Kachidutswako ndinakamata pachithunzi changa cha pa Petulo Woyera kuyambira m'chiuno mpaka mu akakolo, n'kukapinda pambali monga timamangira kwathu. Nsapato zokha ndi zomwe zikuoneka pansi, zitaponda miyala ya ku Roma. Kumbuyo ndalemba kuti: "Amayi, phazi ndi limenelo. Nsaluyi mukuidziwa, inalowa nane mpaka m'kati mwa tchalitchi. Ikhudzeni." Palibe bodza pamenepo. Zinazo ndidzawauza ndekha pamaso, tili awiri.

Mabasi awiri, thukuta lili kamukamu, ndinawapeza a Ambrose ali pamzere. Anatsegula envulopu, kuyang'ana nthawi yaitali, n'kusisita kansaluko ndi chala. Ndinkaopa kuti aseka.

"Tsopano mwavala, achemwali," anatero. Sanaike m'sutikesi. Anaika m'thumba la m'kati la jekete, n'kumanga batani.

Chitenje ndachipinda, ngodya yodukayo ili pamwamba.