Katungwe wa apongozi wang'aluka, ndiwauze bwanji?

Aphungu,

Ndine mayi wa ana awiri ndipo ndili ndi kasukulu ka mkaka kuseri kwa nyumba yathu. Si kasukulu koti n'kudzitama nako, ndi zipinda ziwiri ndi bwalo la mchenga basi, koma makolo amandikhulupirira.

Nditatsegula sukuluyi, apongozi anga aamuna anandipangira katungwe ngati mphatso. Iwowa ndi mmisiri wowotcherera zitsulo, ndipo mageti ambiri a mumsewu wathu anatuluka m'manja mwawo. Katungweyo ali ndi paipi yaikulu yopingasa pamwamba, ndipo mbedza zokolekamo matcheni anaziwotcherera papaipi pomwepo. Ana amamulimbirana kuyambira m'mawa mpaka nthawi yoweruka.

Mwezi watha ndikupukuta mipando yake, ndinapeza kafumbi kofiira pampando umodzi, ngati wina amapala njerwa. Nditakwera patebulo kuti ndione kumene kakuchokera, ndinapeza kamzere m'mbali mwa mbedza, kowonda ngati tsitsi. Ndinawauza apongozi mwaulemu. Anabwera ndi makina awo, n'kuwotcherera pamwamba pa kamzereko, n'kupakapo penti. Kenako anaitana anyamata awo awiri a kushopu, anthu a matupi awo, ndipo onse atatu analendewera papaipipo miyendo ili m'malere. Atatsika anasasa m'manja n'kunena kuti, "Mwaonatu, mayi? Chanyamula amuna atatu ichi. Ndiye chilephere kamwana kopepuka ngati nkhuku?"

Pano kamzere kaja katulukanso, osati pamene anawotcherera koma m'mphepete mwake, ndipo kayamba kuzungulira paipi. Ndinakanda ndi msomali pamene kanathera, koma lero kapitirira chizindikiro changacho. Maso anga ndimawakhulupirira, Aphungu, sindikulota ayi.

Nditawauza bambo a kunyumba, anandiyankha kuti, "Iwe, bambo anayamba kugwira chitsulo usanabadwe. Ukufuna anthu azinena kuti mkazi wanga akuphunzitsa apongozi ake ntchito?" Apongoziwo ndimawakonda. Sanandinyozepo, ndipo akamadutsa amaima pampanda n'kumaonerera ana akusewera pakatungwe wawoyo, akumwetulira okha. Ndikamuchotsa ndiwakhumudwitsa kwambiri. Ndikamusiya, mtima wanga umakhala m'mwamba mwana aliyense akakwerapo. Kodi n'zoona kuti chitsulo chimene chanyamula akuluakulu atatu chingathyoke ndi mwana? Nanga ndiwauze bwanji?

N. K.

Mayi N. K.,

Musanamalize n'komwe kuwerenga yankho langali, pitani mukamasule matcheni onse ndi mipando yomwe, mukatsekere m'chipinda. Musangomangapo chingwe n'kulemba kuti "osakwera", poti makasitomala anuwo kuwerenga sanayambe. Zina zonsezi zikhoza kudikira.

Funso lanu loyamba yankho lake ndi lakuti inde, chingathyoke, ndipo chikasiyidwa chithyokadi. Tengani kawaya kopachikira zovala. Mukakakoka ndi mphamvu zanu zonse sikaduka, ngakhale muitane aneba adzakuthandizeni. Koma kapindeni uku ndi uku ndi zala zokha, mobwerezabwereza, muona kakuduka muli pakati pocheza. Chitsulo chimatopa, mayi. Chimene chimachitopetsa si katundu wolemera wa tsiku limodzi, koma kukoka ndi kusiya kosalekeza. Apongozi anu ndi anyamata awo analendewera kamodzi n'kutsika. Ana anu amakankha paipiyo kutsogolo ndi kumbuyo tsiku lonse, ndipo ulendo uliwonse mng'aluwo umayasama pang'ono, n'kutseka, n'kusendera patsogolo. Kafumbi kofiira kamene munapeza ndi dzimbiri lochokera m'milomo ya mng'aluwo ikamakhulana.

Choipa chake n'chakuti mng'alu ukamatalika umawonjezanso liwiro, chifukwa chitsulo chotsala chogwira chikucheperachepera. Poyamba umakwawa miyezi, koma kumapeto umathamanga. Tsiku lothyokalo sipafunika mwana wonenepa, ndipo paipi siyamba yapindika kaye kuti ikuchenjezeni. Paja chakudza sichiimba ng'oma.

Kuwotcherera pamwamba kunangotseka pakamwa pa mng'alu, muzu wake unatsala mkati. Komanso m'mphepete mwa powotcherera, pamene chitsulo chinapsa n'kusiya kachitunda, ndi pamene mng'alu umakonda kuyambira. N'chifukwa chake watulukira pambali. Pentiyo ndiye wangophimba maso anu, chitsulo sanachithandize kanthu.

Tibwere kwa apongozi. Si mbuli ayi, ndipo si mdani wanu. Mmisiri wa mageti akhoza kukalamba osakumana ndi vuto limeneli, chifukwa geti limatsegulidwa, n'kutsekedwa, n'kupuma tsiku lonse. Katungwe wa pasukulu sapuma. Ndiye musakangane nawo, aonetseni. Aitaneni ana ataweruka, ndipo abwere okha, chifukwa munthu wamkulu savomera kuti walakwa pamaso pa anyamata amene amawaphunzitsa ntchito. Apempheni apale pentiyo mpaka chitsulo chionekere. Pakanipo palafini, dikirani pang'ono, pukutani bwinobwino, kenako muwazepo ufa wa choko. Choko ndiye simusowa. Palafini amene wabisala mumng'alu adzatuluka n'kujambula mzere pachokocho, ndipo musadzadabwe mukaona kuti ndi wautali kuposa umene maso anu amaona.

Akadzati kukamwa yasa, inu musadzanene kuti "ndinanena ine". Apempheni adule paipiyo pafupi ndi mng'alu n'kuithyola kuti muone mkati. Mbali ina idzakhala yosalala ndi yodera, ya timizere tokhotakhota, ndiye pamene mng'alu wakhala ukuyenda nthawi yonseyi. Mbali ina idzakhala yonyezimira ndi yokhakhala, ndiyo yokhayo imene imanyamula ana. Mmisiri akhoza kutsutsa mpongozi wake, koma chitsulo chimene wachithyola yekha sachitsutsa.

Mukatero apatseni ntchito, musawalande. Auzeni kuti, "Bambo, ndikufuna katungwe watsopano, ndipo sindikufuna munthu wina amupange koma inu." Paipi ikhale yatsopano ndi yochindikala, osati yoika zigamba. Mbedza asaziwotcherere papaipi, koma apange zogwirira zokulunga paipiyo, zomanga ndi mabawuti. Aonenso mbedza zinazo ndi m'makona momwe miyendo ya katungweyo ikumana ndi paipi, chifukwa zonsezo zagwira ntchito yofanana. Inuyo muzikwera patebulo lanulo kawirikawiri n'kumayang'ana, monga munachitira. Munachita bwino kwambiri, ndipo ndakunyadirani.

Bambo a kunyumbawo ndawamvetsa, akuteteza ulemu wa bambo awo. Koma afunseni kuti ulemuwo udzatsala pati tsiku limene msewu wonse udzamve kuti katungwe wa mmisiri uja wavulaza mwana. Ngati amawakondadi bambo awo, akhale iwo okawaitana.

Chenjezo langa ndi ili. Mwina apongozi adzakana, adzati awotchererenso kachiwiri, ndipo amuna anu adzakhala mbali yawo. Musadzabwezeretse matcheni aja, ngakhale kwa tsiku limodzi lokha. Apongozi akakwiya mudzagwada, mudzapepesa, ndipo m'kupita kwa nthawi adzabweranso kudzacheza ndi adzukulu awo. Mawu opepesera apongozi ndingakupezereni ambirimbiri. Koma mayi wina akadzabwera masana kudzatenga mwana wake, inu n'kumuuza kuti athamangire kuchipatala, ndiye n'kukufunsani ngati mumadziwa kuti chitsulocho chinang'aluka, pamenepo ine ndilibe mawu oti ndikubwerekeni.

Aphungu