Andisankha Msungichuma ku Doha

Amayi, kodi kumene munapitako muli bwanji?

Ndine Tiyamike. Ndidakali ku Doha, m'nyumba yomwe ija ya ku Al Murra. Maliro anu ndinaonera pa foni chifukwa korona anali ataimitsa ndege, ndipo mpaka lero sindinaonepo pamene munagona.

Kumudzi, mng'ono wanga Esinati wabereka mwana wamkazi, amutcha dzina lanu. Mtedza unachita bwino, koma chimanga cha kumtunda kuja chinapserera.

Nkhani yaikulu ndi iyi. Amayi a ku Malawi ndi a ku Zambia amene timapemphera limodzi ku Abu Hamour anandisankha msungichuma. Timasonkha ndalama mwezi ndi mwezi kuti wina ntchito ikamuthera asagone panja. Achimwene a Yohane atamva, anandiimbira kuti nditapeko pang'ono agulire fetereza, adzabweza akakolola, palibe adzadziwe. Amayi, ndinawauza kuti ndiganize kaye. Njala ya kwathu ndimaidziwa, ndipo a Yohane ndi amene anakusamalani m'chipatala ine kulibe.

Madamu amene ndimawagwirira ntchito ya m'nyumba amaphunzitsa mbiri yakale ku yunivesite, ndipo masiku otsekeredwa aja ankaphunzitsira pa kompyuta m'chipinda chodyera. Sabata yomweyo, ndikusita zovala chapafupi, ndinawamva akufotokoza za nduna ina ya zachuma ya m'zaka za m'ma 1800. Dziko lake linali litasauka ndi nkhondo. Amalonda sankakhulupiriranso mfumu, koma ankakongozabe boma chifukwa ndunayo inali isanawanamizepo. Kenako mfumu inaiuza kuti ibise ngongole ina. Ndunayo inakana n'kutula pansi udindo. Amalonda anasiya kukongoza, mpaka mfumu inachita kukaipempha kuti ibwerere.

Ndinazimitsa simbi n'kukhala pansi. Ndinakumbukira muja munkasungira mbewu ya anzanu m'chipinda chanu. Chaka cha njala tinkadya gaga matumba a eni ake ali pomwepo, inu n'kumati, "Tiya, za anthu uzibweza mmene unazilandirira."

Ndinawakanira a Yohane. Ndinawatumizira theka la malipiro anga, lokwana thumba limodzi lokha. Kuyambira pamenepo sayankha foni yanga. Zimandiwawa, sindinama.

Patapita miyezi iwiri, mayi Zulu a ku Chipata anachotsedwa pa hotela ina ku Al Dafna chifukwa kunalibe alendo. Lamulo latsopano limalola munthu kusintha ntchito popanda kalata ya bwana wakale, koma mapepala amachedwa, ndipo podikirapo munthu amafunika pogona ndi chakudya. Gulu linagwirizana kuti tiwathandize. Ndinatulutsa ndalama zonse tsiku lomwelo, osazengereza, osapepesa munthu. Lero akugwira ntchito pa ofesi ina, ndipo mwana wawo sanasiye sukulu. Ndikanatapako muja, akanakwera ndege chimanjamanja.

Andisankhanso chaka chino, ndipo ndavomera. A Yohane ndiziwaimbirabe Lachisanu lililonse, tsiku langa lopuma, mpaka adzayankhe. Ndikudziwa kuti simukanafuna kuti ana anu asiye kulankhulana.

Kontilakiti yanga ikatha ndidzabwera kumudzi. Ndidzamunyamula mdzukulu wanu, ndipo chiliza chanu ndidzamanga ndi thukuta langa. Njerwa yoyamba ndidzapempha a Yohane kuti aike iwowo.

Ndimakukondani, Amayi. Ndikulonjeza kuti ndidzafika.

Mwana wanu,
Tiyamike