Muthyole Ndodo Zinayi

Okondedwa achimwene Ratolf,

Landirani moni nonse kumudziko. Kodi muli bwanji? Nanga bondo lija linasiya kutupa? Ine ndili moyo, koma zala zitatu za kumanja ndinazisiya m'nyumba ya mfumu. Akundilembera ndi wansembe wa tchalitchi chimene ndabisalamo.

Mfumu Hunwald itamwalira, ana ake awiri, Adalgar mbuye wanga ndi mng'ono wake Berthun, analimbirana mpando chilimwe chonse. Za midzi imene tinaotcha musandifunse. Kenaka Berthun anatiitanira phwando loti tiyanjane. Tinasiya malupanga pakhomo monga mwa mwambo, osadziwa kuti anzathuwo abisa mipeni m'mikate. Anthu a Berthun anamucheka Adalgar pakhosi chikho chili kukamwa, magazi n'kukhuthukira mumowa. Ine ndinasolola pamoto chitsulo chowotchera nkhumba, n'kubaya amene anali pafupi. Chinalowa pamimba n'kutulukira kumsana. Atagwa m'pamene ndinaona nkhope: anali mwana woyamba wa Berthun.

Tsopano Berthun amunyamula pachishango, ndiye mfumu. Dzulo anaima pakhomo pa tchalitchi n'kumandikuwira kuti khoswe iwe, khala momwemo uzidya makandulo, ine ndikukafukula una wako wonse. Sadzavutika kupeza kwathu. Mukudziwa pakamwa panga ndikalawa mowa, ndinkatama mudzi wathu mpaka kutchula ng'ombe zanu maina. Ndikuchita mantha, achimwene, osati za ine.

Pempho langa ndi limodzi. Bwalo likangokhala, kaimeni pamaso pa woweruza, muthyole ndodo zinayi pamutu panu, muziponye kungodya zinayi za bwalo, mulengeze kuti mwachoka pa ubale ndi ine. Wothyola ndodo safera magazi a m'bale wake, ndipo ngakhale Berthun sangaponde lamulo limeneli anthu akuona. Ndikanathyola ndekha, koma ndikangotulutsa phazi pano mutu wanga ukhala pamkondo.

Ndikudziwa kuuma mutu kwanu. Munena kuti mwana wa mayi anga sindingamukane. Yang'anani kaye ana anu atatuwo, kenaka mukadule ndodo. Musankhe zouma, zisakakuchedwetseni.

Mundiperekere moni kwa alamu Imma ndi ana. Mayi muwauze kuti ndanenepa, ndipo tsikulo asapite kubwalo.

Ndine mng'ono wanu, kufikira ndodo yachinayi itathyoka,

Wigbald